Dzina la Chingerezi m'banja mwanu: mmene mungalondolere kumene linachokera

Amene anaphunzira mbiri ya John Chilembwe ku pulayimale sangalephere kukumbukira dzina la Joseph Booth, mmishonale amene anafika m'dziko muno mu 1892, n'kukhazikitsa Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi pafupi ndi Blantyre, kenako n'kupita ndi Chilembwe ku America mu 1897. Dzinali tinaliloweza, tinalilemba pamayeso, koma ndi ochepa amene anafunsapo kuti kodi Booth n'kuti chiyani, nanga makolo a munthu ameneyu anali ndani kwawoko. Ndasankha dzina lomweli kuti tiyende nalo limodzi m'malangizo ano, chifukwa ndi lodziwika kwa ife, komanso lili ndi misampha yonse imene munthu amakumana nayo polondola dzina la Chingerezi. Njira yake ndi imodzimodzi, kaya dzina lanu ndi Booth, Taylor, Wilson kapena Sharpe.

Mfundo imene ndikufuna muigwire kuyambira pano ndi iyi: tanthauzo la dzina ndi nkhani ina, mbiri ya banja lanu ndi nkhani inanso. Tanthauzo mukhoza kulipeza tsiku limodzi. Mbiri ya banja imafuna kuti muyambe ndi inuyo, n'kumabwerera m'mbuyo munthu mmodzimmodzi, osalumpha ngakhale m'badwo umodzi.

Choyamba: dzinalo linalowa bwanji m'banja mwanu?

Musanayambe n'komwe kuganiza za ku England, khalani pansi ndi akuluakulu a kwanu. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Funsani kuti woyamba kuitanidwa dzina limeneli m'banja mwanu anali ndani, ndipo analipeza bwanji.

Funsoli ndi lofunika chifukwa kuno kwathu mayina ambiri a Chingerezi sanabwere ndi magazi ayi. Agogo anabatizidwa kumishoni n'kupatsidwa dzina loti Wilson kapena James, mwana wawo popita kukalembetsa sukulu, aphunzitsi anafunsa kuti "dzina la bambo?", ndipo Wilson uja anakhazikika ngati dzina la banja lonse, mfunda wa Phiri kapena Mwale n'kutsalira kumudzi. Ena anatenga dzina ku esiteti, kunkhondo, kapena kumigodi ya ku Joni ndi ku Rhodesia, komwe kalaliki ankalemba dzina limene lilime lake likanatha. Ngati ndi mmene zinakhalira kwanu, mbiri yanu ili m'kaundula wa ubatizo wa kumishoni ndi m'kamwa mwa anthu a kumudzi. Tanthauzo la dzinalo mukhoza kulifufuza ndithu, ndi losangalatsa kulidziwa, koma musawononge ndalama kufunafuna abale ku England.

Alipo mabanja ena amene dzinalo linabweradi ndi munthu: mlimi wa fodya kapena tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, wamalonda, wogwira ntchito m'boma la atsamunda kapena pasitima, amene anabereka ana ndi mayi wa kuno. Nkhani zotere nthawi zina zimakhala ndi mabala. Pali agogo amene sanafune kuzikamba moyo wawo wonse, choncho funsani mofatsa, ndipo wina akakhala chete musamukakamize. Lembani zonse zimene mwamva, ngakhale zooneka zazing'ono: dzina limene anthu a m'mudzi anam'patsa mzunguyo, esiteti imene ankakhala, kaya anabwera nkhondo ya ku Karonga ya 1914 isanachitike kapena itatha, kaya anafera kuno kapena anabwerera kwawo. Lembaninso kuti wakuuzani ndani, tsiku liti.

Onetsetsaninso kuti dzinalo ndi la ku England kwenikweni. Kwa ife onse anali Angerezi, koma azungu ambiri oyambirira kuno anali a ku Scotland: Livingstone, Laws, Moir, Buchanan, Hetherwick. Zolemba za ku Scotland zimasungidwa pazokha ku Edinburgh, zimafufuzidwa pa tsamba la pa intaneti la ScotlandsPeople, ndipo boma la kumeneko linayamba kulemba obadwa ndi omwalira mu 1855. Ku Ireland nakonso ndi kwina. Mukasokoneza mayiko atatuwa mudzagogoda pakhomo lolakwika kwa miyezi.

Chachiwiri: dziwani mtundu wa dzina lanu

Kalekale Angerezi analibe mayina a banja. Munthu anali ndi dzina limodzi basi. Mwambo wosiyira ana dzina unayamba ndi eni malo akuluakulu, William wa ku Normandy atagonjetsa England mu 1066, ndipo unatenga zaka pafupifupi mazana atatu kuti ufike kwa anthu wamba. Pofika cha m'ma 1400, mabanja ambiri ku England anali ndi dzina lopatsirana, ngakhale kuti kumpoto kunachedwerapo, ndipo ku Wales kunachedwa kwambiri.

Chimene chinakhazikitsa mayinawa kwambiri ndi cholembera cha boma. M'mudzi umodzi mumatha kukhala a John khumi, ndiye wolemba msonkho kapena milandu ankayenera kuwasiyanitsa: John mwana wa William, John wosula zitsulo, John wa kuphiri, John wamfupi. Mu 1377 boma linalamula kuti aliyense wopitirira zaka 14 apereke msonkho wa mutu wake, linabwerezanso mu 1379 ndi mu 1381, mpaka anthu anaukira. Mindandanda ya msonkho umenewu ilipobe, ndipo ndi imodzi mwa migodi ikuluikulu ya akatswiri a mayina. Ife amene makolo athu anayamba kulembedwa m'mabuku a boma chifukwa cha msonkho wa nyumba, nkhaniyi sitiimva ngati yachilendo.

Zitsanzo zinayi za John zija ndiyo mitundu inayi ya mayina a Chingerezi. Pali ochokera ku dzina la bambo: Johnson ndi mwana wa John, Wilson ndi mwana wa Will, Harrison wa Harry, Dixon wa Dick, amene ndi Richard, Hodgson wa Hodge, amene ndi Roger. Mayina othera ndi "son" anachuluka kumpoto kwa England, pamene kumwera ndi kumadzulo ankangoika "s" kumapeto, monga Roberts ndi Williams.

Pali ochokera ku ntchito, ndipo awa amandisangalatsa chifukwa ena tili nawo kale m'Chichewa osadziwa. Taylor ndi telala. Clark ndi kalaliki. Mawu omwewo amene anasanduka mayina ku England zaka mazana asanu ndi awiri zapitazo ndi amene anadzatipeza kuno n'kulowa m'chilankhulo chathu. Smith, dzina lofala kuposa onse ku England, ndi wosula zitsulo. Cooper ankapanga migolo, Fletcher ankapanga mivi, Thatcher ankafolera nyumba ndi udzu. Nthawi zina ntchito imodzi inkatchulidwa mosiyana malinga ndi dera: woponda ndi kutsuka nsalu yaubweya ankatchedwa Walker kumpoto, Fuller kumwera chakum'mawa, Tucker kumwera chakumadzulo. Apa dzina lokhalo layamba kale kukulozerani mbali ya dziko.

Pali mayina onyazitsa kapena otamanda, ngati amene timapatsana kudambwe kapena kubwalo la mpira: Short, Long, Brown, Armstrong. Sharpe, dzina la Alfred Sharpe amene anakhala bwanamkubwa woyamba wa Nyasaland mu 1907, linkapatsidwa kwa munthu wochenjera kapena wachangu. Mayina ngati King ndi Bishop ali m'gulu lomweli. Kawirikawiri sankatanthauza kuti munthuyo anali mfumu kapena bishopu, koma kuti ankadzitenga ngati mfumu, kapena ankasewera ngati mfumu pazisudzo za pachikondwerero.

Ndiye pali ochokera ku malo: Hill wa paphiri, Wood wa kunkhalango, Brook wa kukamtsinje, kapena dzina la mudzi ndi tauni imene munthu anachokera. Booth ali muno.

Kuti mudziwe gulu la dzina lanu, musadalire masamba a pa intaneti amene amagulitsa makapu ndi malaya olembedwa mayina. Funani mtanthauziramawu wa akatswiri. Wodalirika kwambiri masiku ano ndi Oxford Dictionary of Family Names in Britain and Ireland, amene anatuluka mu 2016. Ubwino wake ndi woti sangokuuzani tanthauzo, amaonetsanso anthu oyambirira amene analembedwa ndi dzinalo, chaka chake ndi dera lake.

Tsopano Booth

Booth ndi msasa. Mawuwa anabwera ku England ndi anthu a ku Denmark amene anaukira ndi kukhazikika kumpoto ndi kum'mawa kwa dzikolo m'zaka za m'ma 800. Analanda mzinda wa York mu 866. M'chilankhulo chawo mawuwa ankatanthauza kanyumba kongoyembekezera, ngati kamene abusa amamanga akapita ndi ng'ombe kumapiri nyengo ya msipu. Taganizirani msasa wa asodzi kunyanja, kapena chisakasa cha wolondera m'munda. Munthu wokhala pamalo otere ankalembedwa kuti "del Bothe", kutanthauza "wa kumsasa". Patapita mibadwo, kamawu koti "del" kanagwa, n'kutsala Bothe, Boothe, kenako Booth.

Misasa imeneyi inasiya mayina pamapu mpaka lero. M'chigwa cha Edale ku Derbyshire muli timidzi totchedwa Upper Booth, Barber Booth, Nether Booth, Ollerbrook Booth ndi Grindsbrook Booth, ndipo tonseti tinayamba ngati malo owetera ng'ombe. Ku Lancashire kuli Crawshawbooth. N'chifukwa chake dzinali lachuluka ku Lancashire, Yorkshire, Cheshire ndi Derbyshire, ndipo sizodabwitsa kuti Joseph Booth anabadwira ku Derby.

Koma taonani chimene zimenezi zikutanthauza. Misasa inali yambirimbiri, m'zigwa zosiyanasiyana, choncho mabanja ambiri osadziwana anatenga dzina limodzi. Apa ndi pamene maganizo athu a mfunda angatisocheretse. Kuno a Banda akakumana ndi a Banda anzawo m'basi amayamba kutchulana achimwene, ndipo pali chifukwa chake. Kwa Angerezi sizili choncho. A Booth awiri, a Smith awiri, akhoza kukhala opanda ubale uliwonse ngakhale mutabwerera zaka chikwi. Mayina osowa okha, makamaka ochokera ku kamudzi kamodzi, ndi amene nthawi zambiri amatsikira kwa kholo limodzi.

Lembani kalembedwe konse kamene dzina lanu lingakhale nako. Makolo ambiri a Angerezi sankadziwa kulemba mpaka m'zaka za m'ma 1800. Wansembe kapena kalaliki ankalemba mmene wamvera. Munthu mmodzi akhoza kubatizidwa ali Bothe, kukwatira ali Boothe, n'kuikidwa m'manda ali Booth. Komanso chenjerani ndi mayina ofanana nkhope koma osiyana magazi: Boothroyd ndi Boothby ndi mayina a malo ena, si Booth ayi.

Chachitatu: malizani za kuno musanawoloke nyanja

Chimene mukufuna kuno ndi zinthu zitatu zokha za kholo limene linachokera ku England: dzina lake lonse, chaka chimene anabadwa ngakhale mongoyerekeza, ndi tauni kapena chigawo cha kwawo. Popanda izi mukasochera, chifukwa ku England a John Booth obadwa chaka chimodzi akhoza kudzaza tchalitchi.

Ku National Archives of Malawi ku Zomba kuli mafayilo a boma la atsamunda, nyuzipepala zakale ndi zolemba za mamishoni ena. Dziwani kuti moto unatentha maofesi a boma ku Zomba mu 1919, choncho zambiri za zaka zoyambirira zinapsa. Mwayi wake ndi woti makalata amene ankatumizidwa ku London anasungidwa ku The National Archives ku Kew, ambiri mwa iwo m'gulu la mafayilo lotchedwa CO 525. Ku Blantyre, laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ili ndi mabuku ndi zithunzi zokhudza alimi, amalonda ndi amishonale akale. Nyuzipepala ya Central African Times, imene inadzakhala Nyasaland Times, inkalengeza za obwera, opita, maukwati ndi maliro a azungu. Pitaninso kumanda akale a ku Blantyre ndi ku Zomba ngati mfumu kapena mpingo wakulolani. Ziliza zina zinalembedwa tauni imene womwalirayo anabadwira, ndipo mzere umodzi wotero ungakupulumutseni chaka chathunthu cha ntchito. Ngati khololo linali la mishoni ya Anglican ya UMCA ya ku Likoma, zolemba zake zili ku Bodleian Library ku Oxford.

Pali mindandanda ya okwera sitima zapamadzi ochoka ku Britain kuyambira 1890 mpaka 1960, imene ku Kew imatchedwa BT 27. Pofufuza musalembe Nyasaland ngati kumene ankapita, poti dziko lino lilibe doko la panyanja yamchere. Yesani Chinde, pamathiriro a Zambezi, pamene oyambirira ankatsikira. Yesani Beira, Durban ndi Cape Town.

Chachinayi: kuchokera lero kubwerera mpaka 1837

Pano ndi pamene ntchito imakoma, chifukwa zolemba ndi zambiri ndipo zina ndi zaulere.

Kuyambira pa 1 Julayi 1837, boma linayamba kulemba aliyense wobadwa, wokwatira ndi womwalira ku England ndi Wales. Ofesi yake ndi General Register Office, imene tsopano ili ku Southport. Kalozera wa mayinawa mukhoza kumufufuza mwaulere pa FreeBMD, ngakhale pafoni. Kalozerayu sapereka tsiku lenileni. Amagawa chaka panayi, miyezi itatuitatu, ndipo amatchula boma limene munthu analembetsedwa, nambala ya buku ndi tsamba. Makolo ankapatsidwa masiku 42 kuti alembetse mwana, ndiye wobadwa kumapeto kwa Disembala angapezeke m'chaka chotsatira. Komanso 1875 isanafike ana ena sankalembetsedwa n'komwe.

Kalozera si umboni. Umboni ndi satifiketi, imene mumagula pa intaneti ku ofesi ija. Mtengo wa masatifiketi ena umatsika mukasankha kulandira chithunzi chake pakompyuta m'malo mwa pepala. Ndalama za kunja n'zovuta, choncho gulani mwanzeru. Satifiketi ya kubadwa imatchula tsiku, malo, dzina ndi ntchito ya bambo, ndiponso dzina la mayi asanakwatiwe. Dzina la mayi limeneli ndiye kiyi: ndi limene limakuthandizani kupeza ukwati wa makolowo. Satifiketi ya ukwati imatchula abambo a mkwati ndi a mkwatibwi pamodzi ndi ntchito zawo, ndiye mwabwerera m'badwo wina. Ya imfa ndiyo yosauka, poti ku England siitchula makolo a munthu wamkulu. Muziyenda chonchi: kubadwa, ukwati wa makolo, kubadwa kwa bambo, ukwati wa agogo.

Pambali pa izi ikani kalembera. Amachitika zaka khumi zilizonse kuyambira 1801, koma mayina a anthu onse anayamba kulembedwa mu 1841. Wa 1841 muzimuwerenga mosamala, chifukwa zaka za anthu opitirira 15 ankazitsitsa kuti zithere pa 5 kapena pa 0. Wa zaka 34 analembedwa 30. Kuyambira 1851 ankalemba zaka zenizeni, ubale wa aliyense ndi mwini nyumba, ntchito, ndi malo obadwira. Wa 1881 amafufuzidwa mwaulere pa FamilySearch. Wa 1911 ndi wokhudza mtima chifukwa mumaona dzanja la mwini nyumba weniweni, atalemba zaka zimene wakhala m'banja, ana amene anabereka ndi amene anamwalira. Womaliza kutsegulidwa ndi wa 1921, amene anatuluka mu Januwale 2022. Wa 1931 anapsa ndi moto mu 1942, ndipo mu 1941 kalembera sanachitike chifukwa cha nkhondo. Chotseka mpata umenewu ndi kaundula wa pa 29 Seputembala 1939, amene ali ndi tsiku lenileni lobadwa la munthu aliyense.

Tiyeni tiyese ndi Joseph Booth. Anabadwira ku Derby mu Febuluwale 1851. Kalembera wa chaka chimenecho anachitika usiku wa pa 30 Malichi, ndiye tikufuna khanda la pafupifupi mwezi umodzi, osati mwana wa chaka. Mu 1861 tikufuna mnyamata wa zaka 10 wobadwira ku Derby, mu 1871 wa zaka 20. Tikafika mu 1881 tisadabwe kumusowa, chifukwa mu 1880 anasamukira ku New Zealand, ndipo kenako anapita ku Melbourne ku Australia asanabwere kuno. Tikapeza Joseph Booth wa zaka 30 ku Derbyshire mu 1881 n'kumugwira kuti ndi yemweyo, tatenga munthu wina, ndipo nthambi yonse imene tidzamange pa iye idzakhala ya eni ake. Cholakwa chimenechi n'chimene chadzaza mitengo ya mabanja, ndiye kuti mindandanda ya mibadwo, imene anthu amaika pa tsamba la Ancestry ndi pa masamba ena. Musakopere mtengo wa munthu wina musanaone pepala limene iye anaona.

Imfa ya Booth nayo ikanatisocheretsa tikadangoyang'ana kwawo. Sanafere ku Derby kapena ku Africa, anamwalirira ku Weston-super-Mare, kumwera chakumadzulo kwa England, mu 1932. Munthu akasowa m'dera limene mukumuyembekezera, futukulani ukonde.

Musaiwale mawilo, makalata amene munthu amasiya onena za kagawidwe ka chuma chake akadzamwalira. Kuyambira 1858 pali mndandanda wa dziko lonse wa chuma cha masiye, waulere pa intaneti, wotchula tsiku la imfa, kumene munthu ankakhala ndi amene anapatsidwa udindo wogawa chumacho. Ngakhale amene anafera ku Nyasaland amapezekamo ngati anasiya katundu ku England.

Chachisanu: 1837 isanafike, lowani m'tchalitchi

Mukadutsa 1837 kubwerera m'mbuyo, boma limatha, n'kutsala mpingo. Mu 1538 Thomas Cromwell, nduna ya mfumu Henry VIII, analamula kuti parishi iliyonse izilemba maubatizo, maukwati ndi maliro. Si maparishi onse amene mabuku awo oyambirira anapulumuka. Chinyontho, mbewa ndi nkhondo yapachiweniweni ya m'ma 1640 zinadya ambiri. Kuyambira 1598 makope ankatumizidwa kwa bishopu, choncho buku likasowa funsani za makope amenewo.

Apa mufunika kudziwa parishi yeniyeni, ndipo n'chifukwa chake malo obadwira a m'kalembera wa 1851 ndi chuma. Nkhalamba ya zaka 70 mu 1851 ikutchulirani mudzi umene inabadwira cha m'ma 1781. Mabukuwa amasungidwa m'maofesi a zigawo: za Derbyshire ku Matlock, za Lancashire ku Preston, ndipo ambiri anajambulidwa kapena kukopedwa pa FamilySearch, FreeREG, Findmypast ndi Ancestry.

Zinthu zitatu zimapunthwitsa anthu pano. Buku limalemba tsiku la ubatizo, osati lobadwa, ndipo banja lina linkabatiza ana atatu tsiku limodzi. Chachiwiri, 1752 isanafike chaka ku England chinkayamba pa 25 Malichi, ndiye mwana wobatizidwa mu Febuluwale 1720 m'bukumo, mwa kuwerenga kwathu anabatizidwa mu 1721; mu Seputembala 1752 momwemo anadumpha masiku 11, kuchoka pa 2 kufika pa 14. Chachitatu, si onse anali a Anglican. A Baptist, a Methodist, a Quaker ndi Akatolika anali ndi mabuku awoawo, ndipo kumpoto kumene kuli a Booth ambiri mipingo yotere inali yamphamvu. Komabe kuyambira 1754 mpaka 1837 pafupifupi aliyense, kupatula a Quaker ndi Ayuda, ankayenera kumangitsa ukwati m'tchalitchi cha Anglican, choncho ukwati muupezabe kumeneko ngakhale ubatizo utasowa.

Vuto lina ndi loti mabanja ankabwereza mayina omwewo: John, William, Thomas, Mary, Elizabeth. Mwana akamwalira, wotsatira ankapatsidwa dzina lomwelo. Mukapeza ubatizo wa Thomas Booth m'chaka choyenera, fufuzani kaye m'buku la maliro ngati Thomas ameneyo sanaikidwe ali wakhanda. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mabanja ambiri wamba amalondoleka mpaka m'ma 1700, ena m'ma 1600, kenako njira imazilala. Pakati pa pamenepo ndi nthawi imene dzinalo linayamba, m'ma 1200 kapena 1300, pamatsala mpata umene ambiri sangautseke. Uvomerezeni mpatawo, ndipo muulembe kuti ndi mpata.

Msampha wa mabwana ndi zishango

Mukangolemba Booth pa intaneti, mukumana ndi banja lotchuka la ku Barton ku Lancashire. Linatulutsa mabishopu aakulu awiri a ku York, ana a bambo mmodzi: William Booth kuyambira 1452 mpaka 1464, ndi Lawrence Booth kuyambira 1476 mpaka 1480. Nthambi ina inalowa m'malo a Dunham Massey ku Cheshire kudzera mu ukwati. George Booth anatsogolera kuukira kwa mu 1659 pofuna kubwezeretsa ufumu, n'kupatsidwa ulemu wa Baron Delamer mu 1661, ndipo mwana wake Henry anakhala Earl of Warrington mu 1690. Mu 1758 Dunham Massey anachoka m'dzina la Booth, chifukwa mwini wake anasiya mwana wamkazi mmodzi yekha, Mary, amene anakwatiwa kubanja la a Grey.

Mbiri imeneyi ndi yoona, koma ndi ya banja limenelo. William Booth amene anayambitsa Salvation Army, wobadwira ku Nottingham mu 1829, anakulira muumphawi, n'kuyamba ntchito ali mnyamata m'sitolo ya pinyolo. Dzina ndi limodzi ndi la mabishopu aja, koma dzina lokha silimulumikiza kwa iwo, monganso silimulumikiza kwa Joseph Booth wathu wa ku Mitsidi. Zimandipweteka ndikaona munthu wataya dzina la agogo ake enieni, woluka nsalu kapena woweta ng'ombe, n'kukadziphatika kwa mabwana amene sakumudziwa.

N'chimodzimodzi zizindikiro za pachishango zimene amalonda amagulitsa kuti ndi "za banja lanu". Ku England chizindikiro chotere chimaperekedwa kwa munthu mmodzi ndi mbadwa zake za mzere wa amuna, osati kwa aliyense wa dzinalo. Amene amayang'anira zimenezi ndi College of Arms ku London, imene inakhazikitsidwa mu 1484. Popanda umboni wa m'badwo uliwonse kufikira kwa amene anapatsidwayo, chishangocho ndi chokongoletsera khoma basi.

Pomaliza: magazi, ndi kalembedwe ka zimene mwapeza

Kuyeza DNA kumathandiza makamaka kwa mabanja a kuno amene bambo wachizungu sanalembedwe papepala lililonse. Pali kuyeza kwa mzere wa amuna, kumene kumalondola chimene bambo amapatsira mwana wamwamuna, njira yomweyo imene dzina la Chingerezi limadutsa; woyezedwa ayenera kukhala mwamuna wa mzere wa bambo, osati wa kuchikazi. Pali kwina kumene kumakupezerani asuweni a mbali zonse, mpaka mibadwo isanu kapena isanu ndi umodzi, ndipo pa kumeneku yezetsani munthu wamkulu kwambiri amene ali moyo. Kambiranani kaye m'banja, chifukwa zotsatira zimatha kuulula zimene ena sanakonzekere kumva. Ngati dzina lanu ndi losowa, onani ngati lili pamndandanda wa Guild of One-Name Studies, bungwe la anthu amene aliyense amasonkhanitsa zonse za dzina limodzi. Kawirikawiri amayankha makalata.

Polemba zimene mwapeza, munthu aliyense akhale ndi tsamba lake m'kope. Akazi alembeni ndi dzina la kwawo, osati la amuna awo, apo ayi adzasowa. Pa mfundo iliyonse onjezani kumene mwaitenga: satifiketi, kalembera wa chaka chakuti, kapena "anatero agogo aakazi, ku Luchenza, mwezi wakuti". Zotsimikizika lembani ndi bolopeni, zongoganizira ndi pensulo. Jambulani masamba onse ndi foni, n'kutumiza kwa abale osachepera awiri, mmodzi wa iwo akhale wachinyamata.